Nambala ya Msonkho Wanga Ili kwa Apongozi

Munthu amene adzandiuzenso kuti za pa intaneti n'zaulere, ayambe waonetsetsa kuti pafupi palibe chibonga. Ndikulemba izi mtima usanatsike.

Ine ndili ndi kachigayo kopunthira mpunga kuno ku Lifuwu. N'kakang'ono, koma kanalembetsedwa, ndiye chaka chilichonse ndimayenera kuuza a zamisonkho zimene ndapeza. Kale ndinkangonyamula mapepala kupita nawo ku ofesi. Ulendo uno ndinamva kuti zonse zikutheka pa intaneti, uli pakhonde pako, osalipira kanthu. Ndinauza mayi a kunyumba kuti dziko latukuka. (Anangondiyang'ana n'kupitiriza kusenda anyezi. Amandidziwa.)

Ndinayamba ndi foni yanga. Bandulo yoyamba inatha tsamba likungozungulira ngati galu wofuna pogona. Yachiwiri inatha nditakwera pamwamba pa matumba a mpunga, mkono m'mwamba, kusaka netiweki, makasitomala akunong'onezana kuti mwina ndayamba mpingo. Yachitatu sindikufuna kuikamba. Tsiku lomaliza linali litayandikira, ndipo chindapusa cha wochedwa si choseweretsa kwa munthu wa kachigayo ngati ine.

Ndinakwera ulendo wa ku boma, kwa a Yusufu, bambo amene ali ndi kashopu ka makompyuta pafupi ndi depoti. Kumeneko chilichonse chili ndi mtengo wake: kukhala pampando, kutsegula tsamba, kusindikiza. Kupuma kokha ndiye sanayambe kulipiritsa. Tinalemba zonse bwinobwino mpaka pomaliza.

"Bwana, akutumizirani nambala yachinsinsi pafoni," anatero a Yusufu. "Werengani msanga, siichedwa kufa."

Foni yanga zii.

"Layini imene munalembetsa kumisonkho ndi yomweyi?"

Pamenepo ndinakumbukira. Layini yakaleyo ndinaipereka, pamodzi ndi kafoni kake, kwa apongozi anga ku Chitala, nthawi imene ndinkafuna kuoneka mkamwini wabwino.

Ndinaimba. Inu mukudziwa kuti apongozi sungawalankhule mothamanga ngati kondakitala.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera, kaya inu bambo a Tadala? Ana ali bwanji? Chifuwa chija chinatha? Kuno mvula ikutinamiza..."

Pamene tinkafika pa nkhani ya mbuzi yawo yodwala, nambala inali itafa kale. A Yusufu anaitanitsa ina, ine n'kuimbanso, ulendo uno ulemu nditauika m'thumba.

"Amayi, pafonipo pabwera uthenga. Ndiwerengereni manambala ali pamenepo."

Mawu awo anasintha pomwepo.

"Kodi ndinu ndani?"

"Ndine mkamwini wanu, amayi. Tangolankhulana kumene."

"Mkamwini wanga sanandifunsepo manambala. Pawailesi anatichenjeza za inu akuba. Mawu mwatengera ndithu, koma Mulungu akukuonani!"

N'kudula. A Yusufu anaseka mpaka kugwira tebulo. "Wallahi, mayi amenewa ndi ochenjera kuposa makasitomala anga onse." Akuseka choncho, nthawi ya pampando ankaiwerengabe.

Ndinaimbira mkazi wanga kuti alankhule ndi mayi ake. Posakhalitsa anandibwezera yankho: amuchenjeza kuti asamale, kuli wakuba amene akudzitcha mwamuna wake.

Kutacha ndinatseka chigayo (tsiku limene alimi anadzaza pabwalo ndi matumba!) n'kulowera ku Chitala. Kwa apongozi sungapite chimanjamanja, ndiye ndinanyamula mpunga, shuga ndi chambo. Ndisanakhale n'komwe pamphasa, anayamba kundifotokozera, anansi akumvetsera, mmene anagonjetsera wakuba dzulo lake.

"Mawu ake onyansa, a munthu woti sanaleredwe," anatero.

"Anthu oipa, amayi," ndinavomereza. (Mukanati nditani?)

Anansi atabalalika ndinaulula kuti wakubayo ndinali ine. Sanachite manyazi ngakhale pang'ono.

"Munali inu? Nanga osanena bwanji?"

Ndinapempha kuti andibwereke foniyo tsiku limodzi lokha. Anakana kwamtuwagalu: akudikira foni ya amayi a mvano, komanso munthu supereka foni yako kwa wina, pawailesi ananenanso zimenezo.

"Kumene foni ikupita, inenso ndikupita."

Taganizani. Kabaza awiri mpaka kumsewu. Minibasi mipando iwiri, wawo wakutsogolo chifukwa kumbuyo amachita chizungulire. Titafika ku boma anati manambala sawerengeka ndi njala, ndiye tchipisi ndi chakumwa chozizira. Podutsa pamsika anaima pa chitenje china chobiriwira n'kuusa moyo mokweza, kawiri. Ndinagula. Zonsezi kuti ndikauze boma mwaulere zimene ndapeza!

Kwa a Yusufu anapatsidwa mpando wabwino, ine nditaima. Anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa kafoni kaja. Uthenga unabwera. Sanalole aliyense kusuzumira. Anautalikitsa, anauyandikitsa, kenako n'kuwerenga nambala imodziimodzi ngati akulengeza nyimbo kutchalitchi. A Yusufu anadina. Zinatheka.

Ndinati ndithetseretu vutoli pomwepo. "A Yusufu, sinthani layiniyo, muike yangayi."

"Palibe vuto, bwana. Atumizanso nambala ina pafoni ya amayiwa."

Tonse tinatembenuka. Apongozi anali akumanga kale mfundo ya chitenje.

"Imodzi yakwana," anatero. "Chikwatire mwana wanga, munayamba mwanditengerako ku boma inu? Mukasintha layini, ndidzakuonaninso pamaliro anga. Isiyeni momwemo."

Ndinayang'ana a Yusufu kuti andithandize. Iwo anangonditambasulira dzanja, kufuna ndalama ya mpando wa apongozi.

Kunyumba ndinadandaulira mkazi wanga kuti amayi ake andigwira pakhosi. Anati ndiyamike, si aliyense amene ali ndi munthu womusungira chinsinsi chonchi. Phunziro ndalitenga, kungoti silikundithandiza kanthu: layini yako usamapereke, ngakhale ukufuna kutchuka kuchipongozi. Pakali pano ndayamba kupatula matumba a mpunga okonzekera chaka chamawa. Mulu wina ndi wa msonkho, wina wa ku Chitala. Wa ku Chitalawo ndiye waukulu.