Moni wa Eni Ake ku Kings Park

Pali moni wina umene ndinayankha kuno ku Perth, woti ndikaukumbukira ndimafuna nthaka itang'ambika ndilowemo.

Ndinali nditangofika kumene kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Ku Balga, dera lina la mzindawu, ndinkakhala ndekha, mkazi wanga ndi ana ali ku Kasungu kudikira mapepala. Lamlungu lina, nditatopa kumvera kulira kwa firiji, ndinakwera basi kupita ku Kings Park, pamtunda pamene mzinda wonse umaonekera.

Kumeneko n'kokongola, ndisaname. M'munsi mtsinje wa Swan watambalala, timaboti toyera tikuyandama, nyumba zagalasi zitalizitali zikuthwanima padzuwa. Ngakhale mlambe uliko, wonenepa ngati milambe ya ku Salima (ndinausisita ngati mbale wanga, osaseka). Koma chinthu chokongola chimapweteka ukasowa womukodola kuti taonani.

Ndinakhala pabenchi. Kumapeto kwake kunali mayi wina wa wigi yaikulu, maso ali kumtsinje. Mosayembekezera anati, "Muli bwanji, achimwene?"

Ndinadabwa kumva Chichewa kuno. Ndinayankha kuti ndili bwino, kaya iwo. Anafunsa ngati ndadya, ndinaulula kuti ndangomwa tiyi. Atafunsa za ana, basi, ndinakhuthula zonse: kuti wamng'ono wayamba kuyenda ine kulibe, kuti amanditcha "adadi a m'foni", kuti kuno aneba amangokumwetulira n'kutseka chitseko. Mayiyo ankangoti "eee, zoona", ine n'kumaonjezera moto (misozi nayo inabwera yosaitanidwa).

Kenaka anatembenuka, n'kukankha wigi pang'ono, n'kuzula kachipangizo m'khutu.

"Pepani bambo, ndikuyankhula ndi achimwene anga ku Mchinji."

Ndinadzuka n'kukaima pa kachikwangwani ka dzina la mtengo wina, n'kumakawerenga mwachidwi ngati mawa kuli mayeso. Mayiyo anamaliza foni, nabwera pamene ndinaima. Anati achimwene awowo amva zonse.

"Akuti mulimbe mtima, ana adzabwera. Komanso akuti tiyi si chakudya."

Mayiyo anathamangira kukakwera basi, akuti alowa ntchito masana omwewo ku Maddington. Manyazi anandimanga pakamwa, sindinafunse dzina, ngakhale nambala.

Mwina phunziro lake n'loti osamayankha moni wa eni ake. Koma madzulo amenewo ndinagula nkhuku, ndinaphika mokwanira, n'kukhala patebulo ngati munthu. Chifikireni kuno, woyamba kundikalipira kuti ndidye anali bambo wa ku Mchinji amene sindidzamuona nkhope, ndipo ndinamumvera.