Makina Ounikira M'mutu Amene Tikusungira Alendo

Kuseri kwa Kasina,
Dedza.
Mwezi wa Okutobala.

Kwa Bwana Mkulu,
Bungwe Logula ndi Kugawa Makina a M'zipatala,
Ku Likulu.

Wolemekezeka Bwana,

Landirani moni wa munthu wosayenera n'komwe kukupatsani moni. Ndikhulupirira muli bwino, ndipo ngati mutu ukukuvutani pang'ono, sindikukayika kuti tikiti ya ndege yagulidwa kale.

Ine ndine Anselmo Zikhalo, mlimi wa kachewere ndi kabichi. Ndinakhalapo katekisiti zaka khumi ndi ziwiri mpaka mawu anasasa. Ineyo simukundidziwa, koma akazi anga, a Bernadetta, mumawaona tsiku lililonse. Ali pa kalendala ya bungwe lanu: mayi uja wagona chagada pa kabedi koyera, mutu uli pakamwa pa makina, inu mutaima pambali mukumwetulira, chala chili pa batani. Anzanga anandiletsa kulemba, ati akuluakulu salemberedwa ndi olima kabichi. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye ndatsekula, kuti ndithokoze.

Mukukumbukira chaka chatha pamene munabwera kudzatsegulira makina ounikira m'mutu pa chipatala chathu chija. Dzina lake sinditchula, mukulidziwa, linazokotedwa pa mwala pansi pa lanu. Nthawi imeneyo n'kuti akazi anga atadwala mutu miyezi isanu. Unkawagwira m'mawa akangodzuka, n'kusanza asanalawe ngakhale tiyi. Kumudzi ankati ndi nkhuni za ku Chongoni zimene amasenza. M'buku lawo la kuchipatala munalembedwa malungo katatu. Tsiku lanulo anali pa mzere ngati aliyense, atavala chitenje chatsopano cha amayi a kutchalitchi, ndipo chitenjecho ndicho chinawapatsa mwayi umene ndikuthokozawu.

1. Ndikuthokoza kuti anthu anu anasankha iwo. Pankafunika wodwala woti agone m'makinamo inu mukuona, koma wodwala wooneka bwino, wosaopsa alendo. Amene anabwera pa machira anawasunthira kuseri kwa khitchini. Akazi anga anagona, amuna awiri anakankha kabediko, kunja jenereta ikulira, kwaya ikuimba. Inu munadina batani, anthu m'manja. Potuluka akazi anga anandinong'oneza kuti mutu wapepukako ndipo sanamve kuwawa kulikonse. Ndikuvomereza, Bwana, makina anu sapweteka munthu.

2. Ndikuthokoza kuti bungwe lanu limalemekeza mwambo wathu. Kuno mbale zabwino sitidyera, zimakhala m'kabati kudikira alendo. Bulangete latsopano limagona m'sutikesi eni ake akunjenjemera ndi chisanu cha mu Juni. Chipatala chathu chachita chimodzimodzi. Inu mutangochoka, amayi anzawo a akazi anga analuka nsalu yaikulu ya maluwa ofiira, masabata atatu akuluka, ndipo makinawo anafunditsidwa bwinobwino. Lachisanu lililonse pansi pamapakidwa polishi. Wolowa m'chipindamo amavula nsapato, ngakhale olowamo ndi osesa okha. Ndimamva kuti makina a m'tauni sachedwa kuwonongeka, ndipo sindidabwa, poti kumeneko amangogonekamo odwala mwachisawawa. Athuwa sanawonongekepo n'kamodzi komwe. Mukawaona mudzalira ndi chimwemwe.

3. Ndikuthokoza chifukwa cha chete amene anatsatira. Tinabwerera kumudzi kukadikira zotsatira, ndipo sizinabwere. Sitinakafunse. Inu mwina mudabwa, koma kuno munthu wamkulu akakuyang'ana ndi maso ake, sumutsatira m'mbuyo kukamufunsa kuti mwaona chiyani, kumeneko n'kusaleredwa. Tinati chikanakhala choopsa akanatumiza uthenga, popeza batani anadina ndi bwana mwini wake. Choncho miyezi khumi ndi umodzi akazi anga sanapondenso kuchipatala. Poto atawapulumuka m'dzanja lamanzere, tinati ndi kuzizira. Atayamba kuona anthu awiriawiri pa msika wa Linthipe, n'kumapereka kabichi kumene kulibe munthu, tinaseka, tinati ukalamba wafika. Akadandaula, ine ndemwe ndinkawayankha kuti, "Mayi, munaunikidwa pamaso pa bwana, mukufunanso chiyani?" Pamenepa mlandu si wanu, ndi wanga. Safunsa anadya phula, ndipo phula langalo ndinadyetsa mkazi amene ndakhala naye zaka makumi atatu ndi zinayi. Mawu amenewo ndikawakumbukira ndimadzida.

4. Mu Ogasiti akazi anga anagwa ku dimba, n'kuyamba kuphupha ngati wa khunyu, matenda amene ku mtundu kwawo kulibe. Kuchipatala tinapeza dokotala watsopano, a Dennis. Anawaunika m'maso ndi katochi, anawauza kuti afinye zala zawo, kenaka anafunsa ngati anaunikidwapo m'mutu. Ine ndinayankha monyada kuti kalekale, pa tsiku la bwana. A Dennis anapita kukasaka kiyi. Atabwerako anandigwira dzanja kulowa nane m'chipinda chija, tonse titavula nsapato. Anakweza nsalu ya maluwa chakumbuyo n'kundionetsa nthambo ya magetsi, yonenepa ngati mkono wanga, itakulungidwa bwino, kumutu kwake kudakali pulasitiki wa ku fakitale. Anati makinawa amafuna magetsi amphamvu, ndipo thiransifoma yake inalonjezedwa koma sinafike. Jenereta ija inali ya zokuzira mawu, kuti zolankhula zanu zimveke mpaka kumsewu. Zinamvekadi, Bwana, munalankhula bwino. Ndinafunsa za munthu amene anatumizidwa kunja kukaphunzira kuyendetsa makinawa. Akuti atabwerako anakwezedwa, ali ku ofesi kwanu komweko. Mumuperekere mafuno athu abwino.

5. Ndikuthokoza kuti mwandibwezera ku sukulu pa ukalamba. A Dennis anandibwereka buku lawo lalikulu la matenda a m'mutu, ndipo ndimaliwerenga masana pansi pa mtengo wa pichesi, ndi Chingerezi changa cha Sitandade 8 ndi dikishonale ya mishoni. Tsamba limodzi limanditengera tsiku lathunthu, koma ndamvamo zambiri. Pali chotupa chimene chimamera pa nembanemba yokuta ubongo, chimakula mwakachetechete ngati dzungu pansi pa masamba, ndipo akachiona msanga amatha kuchichotsa munthu n'kubwerera ku khasu. Pali china chomera m'kati mwenimweni, chimenecho n'chankhanza. Nthawi zina si chotupa ayi, ndi mtsempha wa magazi umene wafufuma ngati chubu cha njinga, kudikira tsiku lophulika, kapena mtsempha wotsekeka umene umapha ziwalo. Zonsezi kunja zimaoneka zofanana: mutu, kusanza, dzanja lofooka, maso. Bukulo, pofika pomalizira pa matenda alionse, limanena chinthu chimodzimodzi, kuti onani chithunzi cha m'kati. Palibe dokotala amene angatsegule chigaza cha munthu mongoganizira. Limanenanso kuti mitsempha ya maso ikapanikizika nthawi yaitali siidzukanso, ngakhale chotupacho achichotse. Chiganizo chimenecho ndinachiwerenga kanayi, ndikuyembekeza kuti ndi Chingerezi changa chimene chalakwa. Diso lamanzere la akazi anga linazima mwezi watha. Lamanja likuona ngati muli utsi.

6. Chomaliza, ndipo apa ndiye ndikusowa mawu. A Dennis anatilembera kalata yopita ku chipatala cha m'tauni, kumene makina amayaka. Tinapita. Mzere wake ngwa zigawo zonse, ndipo kalaliki anatiuza mwaulemu kuti oyamba kuthandizidwa ndi ochokera kumene kulibe makina. Ndinati ndife amenewo. Anayang'ana m'kaundula, anati kwathu makina alipo, anatsegulidwa chaka chatha. Ndinayamba kufotokoza za nthambo. Iye anatembenuka, analoza pa khoma pamene panali kalendala yanu, anayang'ana akazi anga, anayang'ananso kalendala. "Bambo, mayiwa si omwewa? Ndiye mukufuna aunikidwe kangati, anzawo sanaunikidwe n'kamodzi komwe?" Anatilembera tsiku la mu Epulo chaka chamawa. Anthu a pa benchi anayamba kutizindikira, mayi wina mpaka anapempha kugwira chanza akazi anga. Kutchuka kotere sitinakulotepo, ndipo n'chifukwa cha inu.

Tsopano pempho langa, Bwana, ndipo ndi laling'ono. Sindikupempha thiransifoma, ndine yani ine wolowerera za magetsi. Ndikupempha kuti mudzationenso. Ndaona kuti kuno zinthu zimayenda pokhapokha kukubwera mlendo: msewu umapalidwa, zimbudzi zimapakidwa laimu, mankhwala amatulukira m'mashelefu, kiyi wotayika amapezeka. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mukangolengeza tsiku, ndikhulupirira ngakhale nthambo ija ipeza poloweka. Musavutike kufuna wodwala wina, yemwe uja alipo, ndipo ntchitoyi anaizolowera. Chitenje chija chachapidwa ndi kusitidwa. Kwaya ndakambirana nayo kale. Kungoti akazi anga pano sakuoneka bwino monga kale, pakamwa papotoka pang'ono, ndiye wotola zithunzi adzaime kumanja kwawo.

Ngati ntchito zakuchulukirani, ndikumvetsa, mutu ukakula sulewa nkhonya. Pamenepo mungotitumizirako kalendala imodzi. Ife sitinalandireko, ndipo ya m'tauni ija inali patali, akazi anga sanathe kudziona. Amandifunsa kawirikawiri ngati mpango unakhala bwino pamutu, ngati sanachititse manyazi mudzi pamaso pa alendo. Ndi chithunzi chokhacho chimene chinatuluka m'chipinda chija, ndiye ndi bwino mwini wake achione. Chonde itumizeni mvula isanayambe, chifukwa a Dennis akukayika ngati diso lotsalali lifike pa Khirisimasi.

Ikachedwa musadandaule. Ndidzawakhazika pa khonde, ndidzagwira chala chawo n'kuchiyendetsa pa pepalalo, ndipo ndidzawafotokozera ndekha kuti apa ndi inu mayi, apa ndi makina, apa ndi bwana, ndipo bwanawo akumwetulira.

Ine wanu wotsikitsitsa, amene waphunzira kufunsa mochedwa,

Anselmo Zikhalo
(mwamuna wa mayi a pa kalendala)