Litsiro la a Orville Lahti

M'tauni mwathu muno mwa Ashland ena amaweta agalu, ena amphaka, koma a Orville Lahti ankaweta litsiro. Anali aneba anga, ndiye ndikunena zomwe ndinaona ndi maso angawa.

M'chipinda chawo chapansi munali thanki lagalasi lalitali kuposa bedi, lodzaza madzi amchere, nsomba zamawangamawanga ndi makorali, zamoyo zija zooneka ngati maluwa a mwala. Mlendo aliyense ankangoti kukamwa yasa. Koma munthu akayamikira nsomba, eni akewo ankakhumudwa.

"Nsombazo n'zogula," ankatero. "Bwerani kuno muone eni nyumba."

Ankatsegula kabati ya pansi pa thanki, momwe madzi ankadutsa m'sefa, n'kuvuula thumba laukonde lodzaza timiyala ta mabowomabowo, tonanda, tofiirira ngati khofi wogona m'kapu. Ankati m'mabowomo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso todya zoipa za nsomba, ndipo popanda ito nsomba zimafa ndi mkodzo wawo womwe. Timiyalato anali nato kuyambira mwana wawo Marcy asanayambe sukulu. Mantha awo aakulu sanali matenda kapena akuba ayi, koma munthu waukhondo.

Amuna anga atamwalira ndinkangobindikira m'nyumba. Tsiku lina a Orville anagogoda.

"Mayi Novak, manja anuwo ali ndi ntchito?"

Ine pakamwa m'polemera, ndiye ndinangopukusa mutu. Anandipatsa ndowa.

Katsukidwe ka timiyalato kanali ndi malamulo kuposa mgonero wa kutchalitchi. Ankatunga madzi akale a m'thanki momwemo, n'kuviikamo theka la timiyala, n'kumagwedeza pang'onopang'ono ngati akusambitsa khanda. Theka linalo linkadikira mwezi wina, kuti china chikalakwika mtundu usathe. Nditaona kuti madzi a m'ndowa ada bii, ndinatambasula dzanja kuti nditsegule mpopi.

"Mayi! Mukufuna kupulula mtundu wonse?"

Ndinabweza dzanja msanga.

"Madzi a pampopi ali ndi mankhwala. Inu mumamwa osafa chifukwa muli ndi thupi. Awa ali ndi thupi? Tanunkhizani apa. Fungo la chiyani?"

"La dambo," ndinanong'ona.

"Zikomo kwambiri," anatero, nkhope ikuwala ngati ndatamanda mdzukulu wawo.

Chaka china chipale chofewa chinadula mawaya, magetsi n'kuzima tauni yonse kupatula kutchalitchi komwe kuli jenereta. Linali Lamulungu m'mawa. Abusa ali mkati molalikira, chitseko chinangoti pha! A Orville awo, chijasi pamwamba pa zovala zogonera, dzanja ili ndowa ya timiyala tija, dzanja ili kapampu ka mpweya.

"Pepani abusa, pobayira magetsi pali pati?"

"A Lahti, tili mkati mwa mapemphero!"

"Pitirizani, awa sasokosa. Koma akasowa mpweya afa."

A Gus Pelto, mnzawo wa kukalabu ya oweta nsomba, anakuwa ali kumbuyo: "Iwe Orville, nanga nsomba wazisiyira ndani?"

"Zafunda bulangeti. Khala chete Gus, ukusokoneza abusa."

Ulaliki wonse ndowa inali kubwata pafupi ndi guwa. Amayi achikulire anagwira pakamwa mpaka kumapeto. Abusa anadula uthenga pakati, ndipo potuluka azibambo ena anapempha a Orville kuti azibwera nayo sabata iliyonse.

A Orville anamwalira akuchotsa chipale pakhomo pawo, fosholo ili m'manja. Marcy anabwera kuchokera ku Minneapolis. Iyeyu ndi namwino, mkazi woti ngakhale sopo amayamba wamutsuka asanasambe naye.

Titachoka kumanda tinasonkhana kunyumba kwa malemu, aliyense atanyamula mbale yake ya nyama ndi mbatata zowotcha mu uvuni. Nyumba inali mbee, ikununkhira mandimu. Marcy anatitsogolera pansi kuti tikatsanzike nsomba za bambo ake.

"Amalume Gus, taonani," anatero akutsegula kabati ija. "Adadi anali atakalamba, zinthu zinkawapitirira. Umu ndinapezamo chithumba chonunkha. Ndachilowetsa m'makina otsukira mbale, ndi sopo, ndi mankhwala oyeretsera zovala. Ndachibwezera pompano tikufika."

Timiyala tija tinali titayera ngati mano oikirira.

A Gus anavula chipewa chomwe kumanda kuja anaiwala kuvula. Akazi awo, a Bernice, mbale inawapulumuka m'manja. Azibambo onse a kukalabu anangoti njo ngati aitanidwa kumaliro achiwiri. Uku madzi akudutsabe pa timiyalato kupita kwa nsomba, ndipo korali wina anali atayamba kale kukhwinyata.

Ine, amene kutchalitchi ngakhale "ameni" ndimanenera mumtima, ndinakuwa mpaka kummero kunawawa: "Zimitsani pampu, anthu inu!"

Anandiyang'ana ngati mpando walankhula. Kenako chipwirikiti chinayamba. A Gus anazula chingwe kukhoma. Mwayi, pakona panali mgolo wa madzi amchere atsopano omwe malemu anasakaniziratu. Ndowa zitachepa tinakhuthulira chakudya cha pamaliro patebulo kuti tipeze mbale.

"Tsukuluzani ndi a mumgolo!" a Gus ankakuwa. "Wokhudza sopo ndimudula dzanja! Bernice, osati mbale ya adyoyo!"

Abusa anapinda malaya mpaka m'mapewa, akuthamangitsa kansomba kofiira ndi kaukonde. "Bwera kuno, wosochera iwe!" Anthu a masuti akuda ankakwera masitepe atakumbatira mbale, madzi akukhavukira pa nsapato zakutchalitchi, n'kukalowa m'magalimoto kuthamangira kwa aliyense amene anali ndi thanki lamoyo. Nsomba zonse zinapulumuka. Makorali angapo anayera n'kufa.

Phokoso litatha tinapeza Marcy atakhala pa sitepe, atagwira thumba lija pamiyendo.

"Ndimangofuna ndiwachitireko kanthu komaliza," anatero. "Ankandifotokozera za miyalayi nthawi zonse pafoni. Ine n'kumangoti eya adadi, eya adadi, ndikuganiza zina."

A Gus anakanda dazi. "Usalire mwanawe. Miyala siifa, afa ndi eni nyumba. Tiiviika mpaka mankhwala atheretu, kenako tiisakaniza ndi ina yamoyo. Ena adzalowamo. Koma si za mawa ayi."

Marcy anapereka thumbalo kwa ine. A Gus anandibweretsera kathanki kakang'ono, dzanja limodzi la timiyala tawo tamoyo, ndi kansomba kaja kanavutitsa abusa.

Nyumba ya a Orville anagula ena, ndipo m'chipinda chapansi anaikamo makina othamangirapo polimbitsa thupi. Msewu wathu tsopano ndi waudongo, ndi wachete. Kukalabu a Gus akanena bodza palibe wowatsutsa, ndiye nkhani amangoisiyira panjira, n'kumayang'ana mpando umene sukhalanso munthu.

Marcy amandiimbira foni Loweruka. Tonse awiri kucheza sitidziwa. Amafunsa za kuzizira, za mawondo anga, kenako amafika pa funso lake.

"Mayi Novak, nanga miyala ija, yayamba kuda?"

Kwa nthawi yaitali ndinkayankha kuti ayi. Sabata yatha ndinagwada, ndinasuzumira m'sefa ndi tochi, foni ili kukhutu.

"Yayamba, mwanangu. M'mabowomu mwayamba kufiirira."

Ndinamva akutulutsa mpweya, kenako akumina.

"Chonde," anatero, "musaitsuke kaye."