Ndalama za kinzena m'manja mwa apongozi

Anzanga, ine ndimadziwika kuti sindiiwala tsiku kapena dzina la munthu, koma ndalama zokha zimandipulumuka. Kunyumba yosungira chimanga ku Cassacatiza, kumalire kumene ndimagwira ntchito, timalandira pa kinzena, ndiye kuti pakatha masabata awiri. Sabata yoyamba tinkadya nyama, yachiwiri nkhwani wopanda mchere.

Choncho ndinakonza nzeru imene ndinkaiyesa yapamwamba. Theka la malipiro ndinalitumiza kwa apongozi anga aakazi, a Nabanda, kudzera mwa mkazi wanga Rosa, ndi uthenga wakuti asandibwezere mpaka Lolemba la sabata yachiwiri, ngakhale nditalira. Kodi mkamwini angayang'ane apongozi ake m'maso n'kupempha ndalama? Manyaziwo ndiwo anali loko wanga.

Lachitatu la sabata yoyamba yomweyo, m'mawa, tayala la njinga yanga linaphulika. M'thumba munalibe kanthu, pakuti theka langa ndinali nditagulira nsapato. Shefi wathu, ndiye kuti bwana wa kuntchito, anali atachenjeza kale kuti wochedwa asabwerenso. Rosa anali kumunda, choncho ndinapita ndekha, ndinanjuta kuseri kwa nkhokwe ya apongozi n'kuyamba kudandaulira nkhokweyo mokweza, amayi a pamtondo akumva zonse.

"Nkhokwe iwe," anayankha a Nabanda ali pakhonde, "uwauze amuna ake a Rosa kuti lero si Lolemba."

Ndinachonderera, ndinatchula ana anga mmodzimmodzi mayina awo, mpaka misozi yeniyeni inatuluka!

"Kulirako ananeneratu," iwo anatero. "Ndalama sizituluka. Koma ntchito isathe, zidzukulu zanga zingagone ndi njala. Ndikupita kumalire kukagulitsa matimati, akwere."

Abale, ndikanatani? Ndinakwera pakaliyala ya njinga ya apongozi, ndipo pofuna kusunga ulemu ndinakhala chofulatira, nkhope kuyang'ana kumene tikuchokera, dengu la matimati pamiyendo. Pachitunda anauza njingayo kuti katundu wolemera atsike akankhe, ndipo ndinakankha.

Tinafika nthawi isanakwane, anzanga onse ali pachipata. Shefi anavula chipewa, napereka moni kwa a Nabanda, kenako anafunsa kuti, "Mayi, zonsezi n'zogulitsa, kapena matimati okha?"

Ntchito ndinaipulumutsa, ndipo mpaka lero ndikunena motsimikiza kuti nzeru yogawa malipiro pawiri ndi yabwino. Koma kusungitsa kwa apongozi, ayi ndithu, sindidzabwerezanso. Tsopano amasunga ndi Rosa, amene amakana mofanana, koma alibe njinga.