Asisi Elube Anati Nditsogole

Usiku wathawu ndinalota zinthu zoopsa, anzanga, moti mpaka pano mtima sunakhazikike. Sunthani ndikhale pamenepo, ndikuuzeni minibasi isanafike, komanso asisi Elube asanabwereko kogula nthochi. Iwe Sigele, tasiya kaye foniyo, unalimo nawenso.

Ndinalota tanyamuka kale, kalabu yathu yonse yokwera mapiri, tili patsinde pa phiri lomweli la Kachenga lomwe tikukwera lero. Paja ulendo uno mwandipatsa ine udindo wotseka mzere, koyamba chilowereni m'kalabu muno? Ndiye m'malotomo wezulo ndinali nditakoloweka kale m'khosi, ndipo tcheyamani wathu a Makungwa anali ataima pamwala, chala m'mwamba, akubwereza lamulo lawo lija: "Wotseka mzere sapitirira munthu. Kaya wina waima kumanga nsapato, kaya wakhala pansi, kaya wapatukira kutchire, iwe umaima pomwepo. Kumbuyo kwako kuzikhala mphepo yokha." Ine ndikungoti eya, eya, koma maso ali pa asisi anga. Mukudziwa nonse kuti wowakakamiza kubwera ndine. Adokotala anati magazi awo akuthamanga kwambiri, aziyendako, ndiye ine ndi pakamwa pangapa ndinawatopetsa mwezi wathunthu mpaka anavomera. Munthu woti chitunda chachikulu chomwe anakwerapo pamoyo wake ndi masitepe a kutchalitchi! Komanso ndi iwo anandilera amayi atamwalira, ndipo chibadwire changa sindinawayankhepo mokweza mawu.

Ndiye tinafika pachipata, pomwe pamakhala mlonda ndi buku lolembamo mayina. Anafunsa kuti, "Muli angati?" Tinati khumi ndi asanu ndi awiri. Iye kugwedeza mutu, kugwedezanso, kugwedezanso, khosi n'kuyamba kubiriwira, mwadzidzidzi pampando paja pali gulo wamkulu, chipewa chili pamutu, cholembera chili kukamwa.

"Ine ndimalemba olowa okha," anatero gulo uja.

"Nanga otuluka?" ndinafunsa.

"Otuluka amalemba anzathu apamwambawa."

Analoza kumwamba ndi mchira. Nditakweza maso ndinaona miimba ikuzungulira pang'onopang'ono, uliwonse utavala tayi.

Ndiye titangodutsa chipata, phiri lija silinalinso lomwe timalidziwa. Mtengo ngakhale umodzi, udzu ngakhale wa mankhwala. Mchenga wofiira wokhawokha, miyala yoti ukaponda nsapato ikununkha mphira wopserera, ndipo dzuwa linatsika mpaka kufika pamwamba pa zipewa zathu. M'mbali mwa njira munali zitsa zakuda zitandandalika, zikutipatsa moni mwaulemu. "Mwaswera bwanji alendo? Mukufuna mthunzi? Aa, mwachedwa, mthunzi unapakiridwa m'matumba, unapita kutauni panjinga." Asisi Elube, ndi ulemu wawo uja, ankayankha chitsa chilichonse, "Taswera bwino, kaya inu," mpaka mpweya unayamba kuwathera ndi moni yemweyo. Ine ndikupsa mtima, ndikufuna kunena kuti asisi, siyani kulankhula ndi zitsa, sungani mpweya. Koma ndinangomeza.

Ndinati ndiwapatse madzi. Kutulutsa botolo m'chikwama, lopepuka! Ndinalikhutchumula, mulibe ngakhale dontho.

"Pepani amayi, madzi aja ndamwa," linatero botolo. "Kwatentha kwambiri. Inu mumaganiza kuti ife ludzu silitigwira?"

"Malita awiri onse?"

"Ndinasiyako pang'ono, koma chitsekerero chinapempha."

Ndinaliponya kutali, ilo n'kumagubuduka likudandaula kuti anthu ena alibe chisoni.

Ndiye mzere unayamba kutalika. Mukudziwa mivi ija ya penti yomwe timatsatira pamiyala? M'malotomo inkakangana. Wina ukuloza kumanja, wina ukuti, "Usamumvere ameneyo, wabwera chaka chatha chomwechi." Wachitatu unangodzipinda n'kunena kuti uli pa nkhomaliro, tibwere thu koloko. Ndinakuwa kuti a Makungwa, chepetsani liwiro, kumbuyo kuno kuli anthu! Iwo kutembenuka, ndevu zatalika, nyanga zaphuka, mwadzidzidzi ndi tonde wathunthu wovala chikwama kumsana, akudumpha mwala ndi mwala uku akutafuna mapu. "Tikapuma pamwamba! Mee! Tikapuma pamwamba!" Inu nonse pambuyo pake, kuchepa, kuchepa, mpaka munangokhala timadontho pachitunda.

Apa m'pamene asisi anakhala pansi. Anasankha mwala wafulati, anayala kansalu, n'kukhala bwinobwino, kachikwama kawo ka kutchalitchi kali pamiyendo. Milomo yauma mbuu. Ine ndinaima kumbuyo kwawo monga mwa lamulo.

"Tsogola, ndikupeza," anatero.

"Asisi, sindingakupitirireni. Ndine wotseka mzere."

"Iwe Ndaziona, wamkulu ndani, ine kapena lamulo la mbuzi ija? Ndati tsogola. Ndingopuma pang'ono."

"Koma asisi..."

"Matewera ako ndinachapa ine ndi manja awa. Lero uziima pamutu panga ngati ndine mwana wa kumkaka? Choka apa, ukundichititsa manyazi, anthu akuona."

Kunalibe munthu woona, abale, kunali zitsa zokha. Koma mawu amenewo mukuwadziwa, mawu a mkulu wako akatsitsa nsidze. Miyendo yanga inamva ine ndisanamve. Ndinapinda mawondo pang'ono, n'kunena kuti chabwino asisi, n'kuwalambalala. Ndinawapitirira, ine, ndi wezulo m'khosi. Nditangoponya phazi lachitatu, wezulo ija inayamba kunong'ona pachifuwa panga: "Wapitirira munthu. Wapitirira munthu." Ndinaibisa m'kati mwa malaya, koma inkamvekabe ikulankhula m'menemo, mawu ake akundigwedeza nthiti.

Ndiye sindikudziwa kuti ndinakwera bwanji, ndinangozindikira ndili pamwamba. Inu nonse mwakhala pamipando ya pulasitiki ngati paukwati, mukudya mabanzi opaka mchenga, mukuti ndi okoma. Iwe Sigele unkajambula zithunzi, foni yako ikukalipira aliyense kuti amwetulire. Tonde uja anakwera patebulo n'kuyamba kuwerenga anthu ndi chiboda. Anafika pa khumi ndi asanu ndi mmodzi, n'kuima. Anawerenganso, chimodzimodzi. Nonse n'kutembenuka kundiyang'ana.

"Wotseka mzere, kumbuyo kwako kuli chiyani?" anafunsa tonde.

"Mphepo," ndinanama.

"Tacheuka."

Ndinacheuka. Panjira pankabwera nsapato imodzi, ikuyenda yokha, phwa, phwa, phwa, zingwe zikukwekwereka. Nsapato ya kumanzere ya asisi, yatsopano ija ndinawagulira ine pakaunjika. Inafika, inaima patsogolo pa gulu, n'kutsokomola kaye.

"Andituma ndidzakuuzeni kuti ali bwino," inatero. "Akuti musadandaule, pitirizani kudya."

Amayi ine! Ndinasolola wezulo, kuuzira ndi mphamvu zanga zonse, koma munkangotuluka mchenga, fuu, kundilowa m'maso. Ndinakuwa kuti tiyeni tibwerere, thandizeni, koma inu munali mutasanduka kale anthu a pachithunzi, mukumwetulira osaphethira. Ndinakukwiyirani kwambiri, ndisaname, mpaka pano ena a inu ndikukuonerani m'mbali.

Ndiye ndinayamba kuthamanga chotsika, nsapato ija patsogolo, ine pambuyo. Njira inali ikupindidwa ngati mphasa, wina akuikulunga kuchokera kumunsi, moti ndinkadumpha kuti ndiipeze isanathe. Mwadzidzidzi pakati pa chipululu pali desiki, pali fani yozungulira yopanda magetsi, pali chikwangwani cholembedwa kuti Ofesi Yosaka Osowa. Kuseri kwa desiki kwakhala mayi wa magalasi akusenda mtedza.

"Amayi, thandizeni, mkulu wanga watsala m'njira, amadwala, alibe madzi!"

"Moni kaye," anatero.

"Muli bwanji, amayi? Mkulu wanga..."

"Tili bwino. Khalani pabenchi."

Panalibe benchi. Anatsegula kabati pang'onopang'ono, khosi likulowa m'kolala, msana ukutukumuka, mpaka ndinaona kuti ndikulankhula ndi kamba wa magalasi. Anatulutsa fomu n'kuikankha ndi mphuno.

"Wosowayo asayine apa."

"Asayina bwanji poti wasowa?"

"Ndiye ife tidziwa bwanji kuti akufuna kupezeka? Ena amasowa mwa kufuna kwawo. Iyeyo anati chiyani?"

"Anati ali bwino."

"Basitu. Munthu ali bwino sitimusaka. Wotsatira!"

Ndinamenya desiki ija ndi chibakera mpaka makoko a mtedza anauluka. Kamba analowetsa mutu m'chigoba, m'katimo n'kumveka mawu akuti ofesi yatsekedwa. Nsapato inandikoka siketi ndi chingwe chake, "Tiyeni, mukutaya nthawi ndi akuluakulu."

Ndiye tinathamanganso, mchenga ukufika m'akakolo, kenako m'mawondo, ine ndikulira, koma misozi ikuuma isanafike patsaya. Ndinkangodzifunsa kuti ndikakawauza chiyani ana awo? Kuti amayi anu ndinawatengera kuphiri ndine, n'kuwasiya pamwala chifukwa anandiuza okha? Mantha amene ndinali nawo, anzanga, sindinawamvepo ndili maso.

Mwadzidzidzi ndi awo. Pamwala womwe uja, atakhala mowongoka, duku lili bwinobwino. Koma mchenga unali utawakwirira mpaka m'chiuno, ndipo unkakwerabe mwakachetechete, iwo atanyamula kachikwama m'mwamba kuti kasade. Miimba ija inali itatera, yakhala pamzere, mabuku otsegula.

"Dzina lonse la mayiwa?" unafunsa umodzi, ukukonza tayi.

"Choka! Sulemba kanthu pano!" Ndinaugenda ndi wezulo, miimba yonseyo n'kungosuntha pang'ono, zolembera zili chire.

Ndinagwada n'kuyamba kufukula ndi manja. Ndikachotsa dzanja limodzi la mchenga, awiri akubwerera. Zala zikupsa.

"Ndinakuuza kuti utsogole," anatero asisi.

"Asisi, simuli bwino."

"Ndikudziwa. Chifuwa chinayamba kumanga tili pachipata pomwe."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinene pamaso pa anzako, iwe utawauza kale kuti mkulu wako ndi chitsulo? Unasangalala kwambiri nditavomera, sindinafune kukugwetsa nkhope." Anapuma kaye, mpweya ukulira m'khosi. "Vuto lako iwe umandimvera kwambiri. Ndikati ndili bwino, umamva mawu okha. Zisiye, bwerera kwa anzako, ungapse manja."

Mchenga unali wafika pachifuwa. Ndipo mukhulupirire, miyendo yanga inayambanso kudzuka yokha kuti imvere, bondo limodzi linali litachoka kale pansi. Apo ndiye china chake chinaduka m'mutu mwanga. Ndinakuwa mawu omwe sindinawatulutsepo chibadwire.

"Elube iwe! Khala chete! Gwira khosi langa!"

Miimba inagwetsa zolembera. Ngakhale nsapato inabwerera m'mbuyo. Asisi anatong'ola maso.

"Wati chiyani?"

"Ndati khala chete, wamva? Sindichoka pano. Ukanditukwane kunyumba. Kweza manja!"

Kaya ndi kudabwa, kaya ankafuna kundiwomba mbama, koma manja anakweza, kachikwama n'kugwa. Ndinalowetsa mutu pansi pa mikono yawo n'kuyamba kukoka. Olemera, abale! Ndikukoka, mchenga ukukoka, ndikukoka, mchenga ukukoka. Anatuluka mpaka m'chiuno, kenako anatsikanso pang'ono. Mpweya wawo uli m'khutu mwanga, hii, fuu, hii, fuu, ukukulirakulira, mpaka miyala yonse inayamba kupuma nawo, zitsa zikupuma, dzuwa likupuma, ine ndikukuwa kuti musasiye, musasiye, osadziwa ngati tikutuluka kapena tikumira tonse.

Ndiye ndinadzidzimuka. Ndili pabedi panga, ndakumbatira pilo mpaka mikono ikuwawa, kunja kwayera kale. Ndinati zikomo Ambuye, anali maloto. Koma phokoso lija silinasiye. Hii, fuu, hii, fuu, likuchokera pabalaza.

Ndinatuluka osavala ndi masilipasi omwe. Asisi Elube akhala pampando, asamba kale, avala kale, chipewa chili pamutu, awerama akulimbana ndi zingwe za nsapato. Kumanga zingwe kokha, munthu asanatuluke ndi pakhomo pomwe, thukuta lili pamphuno, mpweya ukuchita kulira. Anakweza mutu n'kundiona nditaima pamenepo.

"Ukuyang'ana chiyani? Kasambe, tichedwa."

Ndinadzaza mpweya m'chifuwa, mawu onse a kuphiri aja ali pakhosi, ndikuti lero lokha andimva, sakupita kulikonse. Ndinatsegula pakamwa, anzanga, ndipo chomwe chinatuluka n'chakuti, "Ndikuphikireni tiyi, asisi?"