Mpunga wa Mayi Ake a Dalitso

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene amalola kuti mwana wake achite manyazi masana dzuwa likuswa mtengo, koma osamutaya. Ndikuthokozanso kuti a NyaMhone anasiya kundifunsa za Dalitso tikakumana pamsika, ngakhale zinatenga zaka.

Zinachitika matipate atangoyamba kumene. Anthu amene anakhalitsa kunja anayamba kubwerera kwawo, ndipo mmodzi mwa iwo anali alamu anga a Lakisoni, achimwene awo a akazi anga, ochokera ku Joni. Anzawo ankabwera ndi njinga kapena makina osokera. Iwo anatsika basi pa Liwaladzi ndi kanema, batire la galimoto, ndi kabokosi kakuda ka masewero kamene ankakatcha gemu. (Malata analibe, mkazi analibe, koma gemu anali nayo.)

Nthawi yomweyo n'kuti akuluampingo atangondipatsa mwayi wotsogolera mapemphero a Lachitatu m'dera lathu, mongondiyesa kaye. Udindo umenewu ndinali nditaupempherera nthawi yaitali, moti ndinkayenda mosamala ngati munthu wanyamula mazira m'thumba la buluku.

Tsiku lina masana alamu anandikuwira ndikudutsa. "Abusa, tabwerani mudzaone dziko lina!" Ankanditchula choncho pondiseka.

M'gemumo munali dziko la nthano: nkhalango, mapanga, mafupa a anthu oyenda okha, ndi chinjoka cholavula moto chimene chinkayenera kuphedwa kumapeto. Usanayambe unkapanga kaye munthu wako, kumupatsa dzina ndi kumusankhira ntchito. Anati ndikhale wamatsenga, ndinakana kwamtuwagalu. Tinagwirizana za msilikali wa lupanga, ndipo ndinamutcha Dalitso.

"Koma alamu," anatero, "ambiri amangomuyendetsa munthuyu ngati ng'ombe ya pangolo, n'chifukwa chake gemu siiwakomera. Inu mumudziwe. Kwawo n'kuti? Amaopa chiyani? Chimamupweteka mumtima n'chiyani? Mukatero muzichita zimene iyeyo angachite, osati inuyo."

Mawu amenewa akanauza munthu wina. Ine ndinawatenga ngati ochokera paguwa. Kumunda wa mpunga ndinkapalira ndi Dalitso, posoka ukonde ndinali ndi Dalitso. Kwawo kunali ku Dwambazi, mwana wa mayi wamasiye wodwala chifuwa. Kale ankaba nsomba m'maukonde a anzake, mpaka mwera unamugubuduzira bwato, nayandama tsiku lonse atakangamira chigubu. Pamenepo analonjeza kwa Ambuye kuti sadzakhudzanso chinthu cha mwini. Anali ndi chipsera pachibwano, ndipo akakwiya ankachita chibwibwi.

Vuto n'lakuti m'gemu imeneyi munthu amalowa m'nyumba za eni popanda odi, n'kumatsegula mabokosi.

"Tsegulani bokosilo, muli chishango," anatero alamu.

"Bokosi la ndani?"

"La ndani bwanji? Ndi gemu iyi!"

"Mwini nyumba si uyo waima apoyo akutiyang'ana? Dalitso analapa."

"Alamu, batire likutha. Ndinalikwezeka panjinga kuchokera kotchajitsa ku Dwangwa ine, msana uno!"

"Munati ndizichita zimene iyeyo angachite."

Choncho Dalitso anapita kunkhondo ndi malaya okha, ndipo mafupa aja ankamugwetsa asanakweze n'komwe lupanga. Alamu anazima kanema, nati chibadwire sanaonepo kulapa kopha munthu mobwerezabwereza chonchi.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndilibe cholemba. Koma Lachitatu lina tinasonkhana pansi pa mtengo wa mango kwa a NyaMhone, mtsogoleri wa amayi a mpingo wathu. Ndikulankhula za kulapa koona, ndinaona mitu ikugwa ndi tulo. Ndinaopa kuti akuluampingo amva zimenezi. Ndiye pakamwa panga panangotuluka kuti, "Abale, ndikudziwa mnyamata wina, dzina lake Dalitso."

Ine ndinkati ndikupha fanizo. Koma fanizo silikhala ndi chipsera pachibwano. Ndinafotokoza za mwera, za chigubu, za chifuwa cha mayi ake, ndi kuti panopa ali kutali, akuvutika ndi malaya amodzi chifukwa akukana kutenga cha mwini. (Za chinjoka sindinatchule.) Ogona aja anadzuka. Amayi ena anayamba kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati sindikuponda pansi.

Loweruka m'mawa ndinamva nyimbo ikubwera cha kumsewu. Potuluka, amayi a mpingo ali ndondondo pabwalo panga, mabeseni pamutu: mpunga, ufa wa kondowole, usipa wouma, sopo, mitolo ya nkhuni.

"Dada, takonzeka," anatero a NyaMhone. "Mutitsogolere tikaone mayi ake a Dalitso. Inetu kwathu n'ku Dwambazi komweko, koma ndafunsafunsa, palibe akuwadziwa. Ali mudzi wa ndani?"

Ndinayang'ana akazi anga kuti mwina andithandize. Iwo anali atatsamira chitseko, manja atapinda.

"Atsogolereni, abambo ake a Chifundo. Nanenso ndikufuna ndimuone Dalitso ameneyu. Wakhala akudya nafe m'nyumba muno masabata onsewa, koma nkhope yake sindiidziwa."

"N'kutali," ndinatero ndi mawu ang'onoang'ono.

"Miyendo tili nayo, dada."

Bodza lachiwiri linandikanika kutuluka, ndipo pa chimenecho ndimayamikabe. Ndinatsogola, iwo akuimba pambuyo panga, mpaka pakhomo pa alamu anga, pamene ngakhale nkhuku yathu imafika yokha. Tinawapeza ali pamkeka, kanema akuyaka.

"Dalitso ndi uyo," ndinaloza.

Pagalasipo panali kamunthu kotalika ngati chala changa. Kanali katavala chisoti chonyezimira, chishango kumkono, ndipo kanali m'nyumba ya eni, kakutsegula bokosi. Chisiyireni ine, alamu anali atamutenga Dalitso n'kumamuyendetsa okha.

Nyimbo inazima. A NyaMhone anatula beseni, nawerama kuyang'anitsitsa.

"Ndiye ameneyu?"

"Ndi yemweyo, mayi."

"Nanga akutani m'menemo?"

"Akuba, mayi," anayankha alamu, osachotsa maso pakanema. "Wayamba dzana. Panopa zikumuyendera bwino kwabasi."

"Aaa, wabwerera m'mbuyo!" anatero mayi wina kumbuyo, ndipo phwete linaphulika mpaka beseni la usipa linagwa pansi.

Apa m'pamene munthu wanzeru akanagwada n'kupepesa. Ine ayi. Ndinatembenukira alamu anga, magazi atandikwera kumutu, n'kukuwa pamaso pa anthu onsewo kuti, "Mwamuchimwitsiranji mwana wa mayi wamasiye? Mukudziwa mmene anavutikira kuti asiye?"

A NyaMhone okha sanaseke. Anadikira kuti phokoso lithe.

"Dada, wamasiye wa m'galasiyu mukumudziwa mpaka katsokomoledwe kake. Nanga a Nambewe, mayi wamasiye wa kuseri kwa nyumba yanu, amene denga lawo linagwa ndi mvula yapitayi, munakawaonako liti?"

Mpunga uja unapita kwa a Nambewe, ine ndili patsogolo ndi mtolo wa nkhuni pamutu, amuna a m'mudzi akundifunsa ngati ndalowa gulu la amayi.

Akuluampingo anamva tsiku lomwelo. Mapemphero a Lachitatu anapatsa munthu wina, ndipo ine anandipatsa ntchito yonyamula mabenchi a kutchalitchi ndi denga la a Nambewe loti ndifolere. Ndili pamwamba pa dengalo ndi udzu m'manja m'pamene ndinadziwa kuti nawonso ankatsokomola, kutsokomola kwenikweni, kumene kunkamveka mpaka pakhonde panga masiku onse aja ndinkaganiza za ku Dwambazi.

Musandifunse ngati ndinaphunzirapo zonse. Denga litatha ndinabwerera kwa alamu, ndinalanda timabatani toyendetsera gemu, n'kumuyendetsa Dalitso kubwerera kunyumba ija kuti akabweze chishango kwa mwini wake. Tinafunafuna, gemuyo inalibe batani lobwezera. Mpaka lero zimandinyansa.

Ambuye akudalitseni inu nonse owerenga. Akupatseni maso oona wamasiye wa kuseri kwa nyumba yanu, akusungeni ku alamu a malangizo ambiri, ndipo mukalakwitsa pagulu monga ine, akutumizireni a NyaMhone anu msanga. Amen.