Dzina limene ndinapatsa mwana wa mchemwali wanga

Mpaka lero ndikafika ku Chezi, alamu anga amandipatsa moni akuyang'ana kumbali, ndipo sindingawadzudzule.

Mchemwali wanga Rozina adakhala zaka zambiri pabanja wopanda mwana. Ndiye mwana wamkazi atabadwa, iye ndi amuna ake adandipatsa ulemu woti nditchule dzina, poti ndine mphunzitsi (wa sitandade 4, koma kwathu mphunzitsi ndi mphunzitsi). Rozina adapempha chinthu chimodzi: likhale dzina la Chilatini, ngati maina a oyera mtima, ndipo tanthauzo lake likhale lakumwamba, chifukwa n'komwe mwanayo adachokera.

Chilatini sindichidziwa, koma kunena zimenezo pamaso pa alamu kudandikanika. Ndidangoti nkhaniyo aisiye m'manja mwanga.

Pobwerera ku Mponela ndidatulutsa foni m'minibasi. Mawu oti kumwamba ndidawaona ngati wamba, oti aliyense amawadziwa, choncho ndidayamba kufunsa za mlengalenga, kutali uko kumene kuli nyenyezi. Foni idandikhuthulira zilankhulo. Chiswahili akuti anga, koma ndidaona kuti zingamveke ngati makolo akulimbirana mwana. Chigiriki akuti kosimosi, ndipo ndidakumbuka Kosimasi wootcha kanyenya pamsika. Kenako padabwera la Chilatini: spatium. Ndidalitafuna, kulisalaza, mpaka lidasanduka Sipatiya.

Banja lonse lidalikonda. Alamu adandigwirira tambala. Pofika tsiku la ubatizo, dzinalo lidali litamera kale mizu m'mudzi monse.

Tsikulo tidaima mozungulira bambo mfumu, nkhalamba yomwe idaphunzira Chilatini kalekale. Atamva dzinalo adapempha kuti libwerezedwe, kenako adafunsa amene adalipeza. Ndidatukula dzanja (kulitukula kwambiri ndithu) n'kufotokoza kuti likuchokera ku spatium, kutanthauza kumwamba.

"Aphunzitsi," adatero mofatsa, "mawuwo ndi a Chilatini ndithu, koma amatanthauza mpata. Danga chabe, malo opanda kanthu. Mukadafuna zakumwamba mukadati Selestina."

Kumbuyo wina adakhosomola pofuna kubisa chiseko. Rozina sadaseke. Adangoyang'ana khanda lija, lomwe adalidikira zaka zonsezo m'nyumba ya zii. Pamenepo ndidalakalaka nthaka itandimeza pamodzi ndi jekete yanga.

Adambatiza Selestina, koma mudzi sumva za m'tchalitchi. Nkhani idafika kunyumba ife tisadafike, ndipo kuyambira tsiku lomwelo mwanayo ndi Mpata. Kumjigo Mpata, kusukulu Mpata. Ngakhale Rozina akapsa mtima amaiwala n'kuitana choncho.

Mwezi watha mtsikanayo, yemwe tsopano ali sitandade 2, adandikhalira pafupi tikutong'ola chimanga. Adandiuza kuti anzake amati dzina lake likutanthauza kuti m'mutu mwake mulibe kanthu.

"Amalume, akuti ndinu mudandipatsa. Mudaliona kuti?"

Ndidamuuza kuti mpata umenewo ndi waukulu kuposa dziko lonse, ndipo ndi mmene mumakhala dzuwa, mwezi ndi nyenyezi. Adaganiza pang'ono, n'kundifunsa chifukwa chake sindidangomutcha Nyenyezi. Ndidapitiriza kutong'ola chimanga.

Panopa Rozina ndi woyembekezeranso. Adatumiza uthenga kuti kukabadwa mwana ndidzabwere ndi sopo ndi chitenje, dzina asankha kale okha.